Tsamba Limene Sindinatembenuze

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinapha buku. Anzanga akumudzi pamsinkhu umenewo amakhala atapha kale nkhuku, olimba mtima atapha njoka. Ine ndinakulira m'nyumba yosanja ku Bin Mahmoud, mumzinda wa Doha, kumene nkhuku imafika itafa kale ndiponso itavala pulasitiki, ndiye ndinayambira pa buku. Linali kope wamba la chikuto chobiriwira, la amayi anga. Mlanduwu sunafike kubwalo lililonse, choncho ndiloleni ndiuzenge ndekha pano. Woimbidwa mlandu ndine, mboni ndine, woweruza ndinenso, ngakhale kuti koleji sindinamalize.

Bambo anga anali injiniya wa mapaipi a madzi, pa kontirakiti. Amayi anali namwino, koma unamwinowo unatsala pabwalo la ndege ku Lilongwe. Kumudzi anagwira zaka zisanu ndi zinayi m'wodi ya amayi oyembekezera. Ku Doha anabwera pa viza ya mwamuna wawo, ndipo pachitupa chawo, pamalo olembapo ntchito, panalembedwa kuti mayi wapakhomo. Kuti mkazi wotere agwire ntchito pankafunika kalata ya mwamuna wake yonena kuti iye sakuletsa. Kalata ya mizere inayi, siginecha imodzi. Amayi anaipempha kwa zaka ziwiri, ndipo kwa zaka ziwiri bambo ankayankha kuti, "Tiona."

Musawaone ngati chilombo bambo angawo. Mowa sankamwa, dzanja sankakweza, malaya awo ankasita okha. Ankangoopa pakamwa pa anthu. Amalawi ku Doha tinali ochepa, moti ukayetsemula ku Bin Mahmoud wina ankakupepesa ali ku Abu Hamour, ndipo mkazi wa injiniya akanayamba ntchito anthu akanati injiniyayo zikumuvuta. Koma chaka chimenecho kiliniki ina yapafupi inalonjeza amayi malo, bola kalatayo ifike mwezi usanathe. Bambo anafewa. Kalata inatayipidwa, inalowa m'chikwama chawo cha kuntchito, ndipo tsiku lina tikudya ananena okha, popanda wowafunsa: "Amayi a Limbani, sabata ya mawa ikatha, Lamlungu lake ndisaina. Ndikasiya ndekha ku kiliniki popita ku ofesi." Ku Doha sabata ya ntchito imayamba Lamlungu. Amayi ananyamuka, nakatulutsa m'katoni nsapato zawo zoyera za unamwino, n'kuyamba kuzipukuta.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la Anti Mei, mayi wa ku China, wamfupi, wa magalasi okhuthala. Kwawo anali mphunzitsi wa mabuku kusekondale. Ku Doha anali mkazi wa munthu womanga nyumba zazitali, ndipo pachitupa chawo panali mawu omwe aja, mayi wapakhomo. Anadziwana tsiku limene Anti Mei anadzicheka chala ndi mpeni n'kugogoda kwathu magazi akudontha m'khonde. Amayi anamanga chalacho mosangalala kwambiri, ngati munthu amene walandira mlendo amene anamusowa.

Kuyambira pamenepo, masana, dzuwa likafika poti ngakhale amphaka a mumsewu abisala pansi pa magalimoto, awiriwa ankakhala patebulo lathu akumwa tiyi wopanda shuga wopanda mkaka, amene ine mpaka lero ndimamutcha madzi okhumudwa. Ankalankhula Chingerezi, aliyense chothyokathyoka mwa njira yake. Anti Mei ankabwera ndi mabuku a kwawo n'kumamasulira. Zimene ndikudziwa za akazi a m'mabuku a ku China ndinazimvera patebulo pamenepo ndikunamizira kulemba homuweki, ndiye akatswiri andikhululukire.

Ankati m'nkhani zakale za kwawo mkazi wotamandidwa anali uja wodziwa kudikira. Kudikira bambo ake amusankhire mwamuna, kudikira mwamunayo abwere kumayeso kapena kunkhondo, ndipo mwamunayo akamwalira, kudikira imfa yake osakwatiwanso. Akadikira bwino kwambiri ankamumangira chipata cha miyala chomukumbukira. Olemba nkhanizo ambiri anali amuna, ndipo sankaona chifukwa chomufunsa wodikirayo kuti masana onsewo ankaganiza chiyani. Komatu akaziwo ankalemba. M'zipinda zam'kati mwa nyumba, kumene mlendo sankafika, ankalemba ndakatulo n'kumapatsana okhaokha. Kenaka, zaka zoposa zana zapitazo, kunadzuka akazi ena ndi amuna owerengeka amene anayamba kulemba poyera, m'nyuzipepala ndi m'nkhani zazifupi, kuti mtsikana ndi munthu asanakhale mkazi wa wina, kuti apite kusukulu, ndiponso kuti mapazi ake amasulidwe.

"Amasulidwe ku chiyani?" anafunsa amayi.

Anti Mei anapinda zala za dzanja lawo kuziloza m'chikhatho, n'kukulunga dzanjalo ndi kansalu kopukutira mbale. Anati umu ndi mmene ankachitira ndi mapazi a mtsikana akadali wamng'ono, kuti phazi lisakule. Agogo awo enieni anamangidwa choncho, kenaka anamasulidwa ntchito ili pakati, mphunzitsi wina wamkazi atafika m'mudzimo n'kukangana ndi makolo. Mapaziwo sanabwerere mwakale. Agogowo ankayenda ngati bakha moyo wawo wonse, koma anayenda mpaka kusukulu.

Amayi anayang'ana mapazi awo pansi pa tebulo nthawi yaitali. M'mawa mwake anagula kope.

Tsopano alowe woimbidwa mlandu. Lachisanu lililonse, limene ku Doha ndi tsiku lopuma, tikatuluka m'mapemphero ku Abu Hamour, mabanja angapo a Chimalawi ankasonkhana kunyumba kwa mmodzi, mosinthanasinthana. Abambo pasofa, amayi kukhitchini, usipa wobwera m'sutikesi ukulemekezedwa ngati nduna. Ndipo panali mwambo umene ndinkadana nawo: ana okulira kunja tinkaimiritsidwa pakati kuti tionetse ngati Chichewa chikadalimo m'mutu. Mkulu wa mayesowa anali Ankolo Nyirenda, mphunzitsi wa masamu, munthu amene kuseka kwake kunkatulukira m'mphuno. Lachisanu lina anandipatsa Baibulo la Chichewa chakale chija, ndipo ndinapunthwa kanayi m'vesi imodzi.

"Khalasi, basi, mphwanga, pumula," anatero. "A Banda, mwanayu mwamulera ndi shawama, chakudya cha kuno. Akadzapita kumudzi adzafuna womasulira kuti apereke moni kwa agogo ake."

Anthu anaseka. Ine kusukulu ndinali woseketsa wa kalasi yonse, ndipo woseketsa aliyense amadana ndi kusekedwa pamene sanakonze yekha. Ndinalumbira mumtima kuti Lachisanu lotsatira, limene linali la kwathu, ndidzawerenga Chichewa mpaka mphuno ya Ankolo Nyirenda itatsekeka.

Vuto linali loti m'nyumba mwathu zolembedwa m'Chichewa zinali Baibulo londigwetsa lija, buku la nyimbo, ndi kope lobiriwira limene linkagona pansi pa zitenje m'kabati ya amayi. Ankaganiza kuti abisa. M'fulati ya zipinda ziwiri mwana amadziwa ngakhale pamene singano imagona. Ndinalitsegula chapakati, ndinasankha tsamba la mizere yochepa, ndipo ndinapeza kuti Chichewa chake chinali chofewa, chomwe chija cha patebulo pathu. Masiku atatu ndinkadzitsekera m'bafa n'kumayeserera pagalasi. Ulesi ndinabadwa nawo, choncho ndinaloweza tsamba limodzi lokhalo. Kutembenuza kuti ndione kuseri kwake sindinatembenuze.

Ndisaname kuti sindinkamva tanthauzo lake. Bodza limeneli ndinalinena kwa zaka zambiri ndipo latha ntchito. Ndinkamva. Ndinaona kuti muli mapazi, muli nsapato, muli bambo, ndipo ndinadziwa kuti anthu adzaseka. Zinandikwanira.

Lachisanu linafika. Mpunga unadyedwa, mafupa a nkhuku anaunjikidwa m'mbale, eyakoni yoziziritsa nyumba ikulira ngati ili ndi chifuwa. Ankolo Nyirenda anatambasula dzanja kuti atenge Baibulo, ine ndinati ndabwera ndi langa. Ndinaima pakati pa kapeti, ndinatsokomola kawiri, n'kutulutsa mawu onjenjemera a abusa athu aja a ku Abu Hamour.

"Abale ndi alongo, kuwerenga kwathu kwa lero kukuchokera m'buku la Amayi a Limbani."

Anayamba kuseka ndisanayambe n'komwe. Ndinakweza chala kumwamba.

"Mnzanga akuti kwawo kale ankamanga mapazi a atsikana ndi nsalu,
kuti akakula asamapite kutali.
Ine mapazi anga ndi athunthu, nsapato nambala seveni."

"Ameni," anatero Ankolo Nyirenda, mphuno ikuchita ntchito yake. Wina anati nambala seveni si phazi, ndi bwato. Azimayi anayamba kutuluka kukhitchini, manja ali onyowa, kudzaona chimene chikuseketsa amuna awo. Amayi anatuluka pomalizira, atanyamula thireyi ya makapu. Ndinawaona. Ndinaona maso awo akutsika kuchoka pankhope panga kupita pachikuto chobiriwira. Apa ndi pamene woweruza ayenera kulemba bwino: ndinawaona, ndipo ndinapitiriza, chifukwa chipinda chonse chinali m'manja mwanga ndipo zinali zokoma.

"Anayendapo wodi yonse, bedi ndi bedi, osadandaula.
Lero amachoka pa sinki n'kufika pawindo, masitepe khumi ndi anayi.
Ine sanandimange ndi nsalu.
Anandimanga ndi cholembera chimene chili m'thumba la shati
la mwamuna wabwino."

Tsamba linathera pamenepo, ndipo ine ndinawerama ngati woimba wamaliza nyimbo.

Bambo anga anali ndi chizolowezi choyenda ndi cholembera m'thumba la shati tsiku lililonse, ngakhale kutchalitchi. Maso onse a m'chipindamo anapita pathumbapo. Chinalipo, cha siliva, chikunyezimira ngati chikufuna kupereka umboni.

"A Banda," anatero Ankolo Nyirenda, "chingwe chake n'chimenecho? Tichione, mwina nafe tikagule."

Amuna awiri atatu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa anthu amene akufunafuna makiyi a galimoto. Azimayi sanaseke. Mmodzi, Anti Grace, amene nayenso kwawo anali mphunzitsi, anabwerera kukhitchini mwakachetechete n'kutsegula mpopi. Bambo anaseka nawo pang'ono, ndipo ndikanakonda akanandimenya mbama. Anasolola cholembera chija, nachiika m'thumba la buluku. Amayi anatsitsa thireyi patebulo bwinobwino, kapu ngakhale imodzi osagwedera, n'kunena kuti, "Tiyi wapsa." Palibe amene anamwa. Dzuwa likadali pamutu, aliyense anakumbukira kuti ali ndi kopita.

Chitseko chitatsekedwa ndinadikira lamba. Sanabwere. Makolo anga analankhula ali chiimire pakati pa mbale zakuda, ngati kuti ine ndine mpando.

"Mukanandiuza ine, Amayi a Limbani."

"Zaka ziwiri ndakhala ndikukuuzani."

"Mukanandiuzira kuchipinda. Tsopano ndikasaina Lamlungu, Doha yense adzati Banda wasaina chifukwa mkazi wake wamuimba nyimbo pagulu."

"Wawerenga si ine."

"Koma wolemba ndinu." Bambo anapukuta magalasi awo. "Tidikire anthu aiwale kaye. Tiona."

Loweruka m'mawa bambo anapita kukatsukitsa galimoto. Ndinapeza amayi kukhitchini atayatsa gasi, kope lili m'manja. Anaima choncho, kenaka anayang'ana kudenga. Kudengako kunali kachipangizo koyera kaja kamene kamakuwa kakamva utsi, kamene kankaitana mlonda wa nyumba yonse ngakhale buledi akangopserera pang'ono. Anazimitsa gasi. Ku Doha ngakhale kuwotcha mawu ako omwe kumafuna chilolezo. Anatenga beseni lochapira, nathiramo madzi ndi bulichi.

"Limbani, bwera kuno. Poti mapepalawa wazolowerana nawo, ng'amba."

Ndinang'amba. Tsamba ndi tsamba ndinkaponya m'beseni, iwo akukanikiza ndi mpini wa mopu. Kopelo linali litadzaza kupitirira theka, ndipo sindinawerenge liwu lina lililonse, maso anali atadzaza madzi, mwina chifukwa cha bulichi. Inki inatuluka ngati utsi wabuluu m'madzimo, kenaka madzi anayera, mapepala anasanduka phala. Fungo lake ndi la zimbudzi za m'mahotela, ndipo ntchito imene ndikugwira lero imandinunkhitsa fungo limenelo m'mawa uliwonse.

"Amami, pepani," ndinatero.

Anafinya phalalo m'manja, naliika m'jumbo ya zinyalala.

"Unawerenga bwino," anatero. "Sunapunthwe paliponse."

Chilango changa chinali chimenecho, ndipo sichinathebe.

Anti Mei anamva nkhaniyi Lamlungu, tsiku limene kalata inayenera kusainidwa. Anabwera ndi buku monga mwa masiku onse, koma amayi anati mutu ukuwapweteka, nakagona. Tinatsala awiri pakhomo. Anandifunsa kuti kope lili kuti, ndinawalozera beseni limene linali litavundikiridwa pakhonde. Anagwedeza mutu ngati dokotala amene matendawa anawaonapo.

"Kwathu ankawotcha," anatero m'Chingerezi chawo chija. "Okha, ndi manja awo. Ena pokwatiwa, ena podwala. Ankaopa kuti mawu a mkazi akatuluka pachipata achititsa manyazi banja. Zimene timawerenga lero zambiri zinapulumuka chifukwa wina m'nyumbamo anakopera n'kusunga. Mlongo wake. Nthawi zina mwana wake wamwamuna."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anabwerera kwawo ndi buku lawo kukhwapa.

Mwezi unatha. Malo a ku kiliniki anapatsidwa munthu wina. Nsapato zoyera zinabwerera m'katoni, ndipo patapita zaka ziwiri kontirakiti ya bambo itatha, katoniyo inakwera nafe ndege osatsegulidwa. Kumudzi amayi anapeza kuti mapepala awo a unamwino anatha mphamvu kalekale, ndipo kuti ayambirenso pankafunika mayeso ndi maulendo a ku Lilongwe amene analibenso mtima wowayenda. Sanagwirenso mwana wobadwa kumene kupatula a achibale. Sanagulenso kope. Bambo anamwalira zaka zingapo zapitazo, akadali mwamuna wabwino, ndipo pamaliro aliyense ananena zimenezo, ndipo zinali zoona.

Ine ndinafika kukoleji. Chaka chachiwiri, m'phunziro la mabuku a mayiko ena, aphunzitsi anagawa mitu ya nkhani zoti tilembe, ndipo wanga unali wa malo a akazi m'mabuku akale a ku China. Kumwamba kulinso anthabwala. Ndinalemba dzina langa, ndinalemba mutuwo, ndinautsekera mzere kunsi ndi rula, n'kukhala ndikuuyang'ana milungu itatu. Patapita nthawi pang'ono ndinalongedza n'kuisiya koleji. Zifukwa zina zinalipo, sindikufuna kunamizira dziko la China zonse, koma pepala limenelo ndikadali nalo, ndipo ndi loyera bwino.

Pano ndinabwerera ku Doha pa kontirakiti yangayanga. Ndine mlonda panyumba ina yaitali ku The Pearl, dera la anthu olemera, ndimatsegulira zitseko anthu amene manja ali nawo. Ndimaima maola khumi ndi awiri. Kuchoka pa desiki yanga kufika pachitseko ndi masitepe asanu ndi anayi; sindinafune kuwerenga, mapazi anawerenga okha. Masana ndikakweza maso ndimaona akazi m'mawindo a m'mwamba, ena mabwana, ena antchito, atangoima kuyang'ana maboti. Kale ndikanapeka nthabwala. Pano ndimangoyang'ana pansi.

Chaka chatha, Lachisanu lina masana ndili pa ofu, ndinaimbira foni amayi ku Dedza. Titamaliza za mvula ndi za mawondo awo, ndinati pali chimene ndikufuna ndiwawerengere. Ndinali nditaganiza kuti, poti kope linapita ndi madzi, buku lokhalo limene latsala ndine. Mwana wamwamuna wokopera uja amene Anti Mei ananena, ngakhale mochedwa. Ndinanena mizere isanu ndi itatu ija pamtima, ndi mawu anga enieni, opanda abusa. Zinandivuta kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa lilime linaloweza ndakatuloyo pamodzi ndi kunjenjemera kwake koseketsa, ndipo linkafuna kubwerera komweko.

Nditamaliza ndinkangomva nkhuku zikulira kuseri kwawo.

"Amami, mulipo?"

"Ndilipo. Sunamalize."

"Ndamaliza. Imathera pa mwamuna wabwino."

"Tsamba ndi limene linathera pamenepo. Kuseri kwake kunali mizere ina iwiri."

Ndinakhala pansi pabedi. Ndinafunsa kuti mizereyo inkati chiyani.

"Inali ya bambo ako," anatero. "Ndinkafuna ndiwapatse akasaina. Mwini wake anapita osaimva, ndiye iwe uimva bwanji?" Anatsokomola pang'ono. "Wadya koma?"

Ndinati ndadya.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tchimo langa linali kuba kope, kapena kuchititsa manyazi bambo pamaso pa alendo. Pano ndikuona kuti linali lina. Mayi anga analankhula kamodzi kokha ndi mawu awoawo, ndipo ine ndinawalanda mawuwo ali pakati, ndinawaveka mawu a munthu wina, n'kuimira pamene kuseka kunali kokoma. Amuna a m'mabuku a Anti Mei aja, amene ankalemba za akazi odikira osawafunsa kanthu, ndinkawayesa anthu akutali, a ndevu zazitali, a m'zaka zakale. Mmodzi wa iwo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, atavala kabudula wa kutchalitchi, ku Bin Mahmoud.

Woweruza wamva zonse, ndipo chigamulo chake n'chakuti mizere isanu ndi itatu ija ilembedwe pano monga mmene mwaiwerengera, mwini wake atavomera monyinyirika. Iwiri inayo ili ku Dedza, m'mutu mwa mayi wa nsapato nambala seveni, ndipo ndaphunzira kusaifunsanso. Ndi yawo.